Mwala Wapansi ndi Bondo la a Mwenyekiti

Ndikukumbukira chaka chimene galimoto yoboola nthaka inafika kwathu, kufupi ndi Mbamba Bay, mbali yolowera ku Lipingo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Sukulu ndinali nditaisiya kale, chifukwa bambo anga anali atamwalira ndipo amayi anali ndi chiuno chovuta. Anaterereka pa thanthwe akuyanika chinangwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanasenzenso ndowa. Madzi onse a pakhomo pathu, akumwa, ophikira ndi osamba, ankadutsa pamutu panga.

Inali nthawi ya ujamaa. Boma linati anthu asakhalenso motalikirana, aliyense pa kagombe kake, koma asonkhane m'mudzi umodzi kuti pakhale sukulu, kachipatala ndi munda wa onse. Kusamukako kunali kotsimikizika. Chimene chinatsala chinali kusankha malo, ndipo malo anali awiri. Ena ankafuna Pachitunda, pamwamba pafupi ndi msewu wopita ku Mbinga, pamalo osalala pamene nyumba zikanakhala m'mizere yowongoka. Ena ankafuna Pamkuyu, kumunsi m'chigwa, pamalo okhotakhota a miyala ndi zitsamba. Boma linalonjeza mjigo umodzi wokha. Kumene mjigowo ukumbidwe, mudzi unayenera kukhala komweko.

Akuluakulu ankakangana za msewu ndi mizere. Ine ndinkangoyang'ana chikweza chochokera kunyanja kukafika Pachitunda. Munthu wopanda katundu ankafika pamwamba akupuma ngati mbuzi yothamangitsidwa. Ndinkadziwa kuti mjigo ukadzauma kumeneko, palibe mwamuna amene adzatsikire kunyanja ndi ndowa. Adzatsika ndife, ndipo pakhomo pathu adzatsika ndine ndekha, m'mawa ndi masana, mpaka khosi litalowa m'mapewa.

Mtsogoleri wa mudzi, amene tinkamutcha m'Chiswahili kuti mwenyekiti, anali bambo wina wonenepa, woseka kwambiri, amene aliyense ankamudziwa ndi dzina loti a Bondo. Asanasankhidwe ankagula usipa wouma n'kumakagulitsa kumapiri. Usipa tinkayeza ndi debe. Wogulitsa akathira usipa mpaka kusefukira, bamboyu ankayala chiguduli pamwamba, n'kupinda buluku, n'kuikapo bondo. Usipa unkalira n'kutsika, iye n'kunena akuseka kuti, "Onjezani, mayi. Ine sindigula mphepo." Amayi anga anali atalimbana ndi bondo limeneli zaka zambiri, ndipo awiriwo ankanyozana momasuka ngati anthu a pachibale. A Bondo ankafuna Pachitunda ndi mtima woona. Ankati galimoto ikamafika pakhomo, odwala sadzaferanso pa machira.

Amene anabwera ndi galimoto yoboola ija anali mmisiri, kapena kuti fundi m'Chiswahili, a Fundi Mapunda, munthu wochepa thupi wochokera ku Songea, amene anaphunzira za miyala. Magalasi awo anali omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Ntchito yawo inali kuboola malo onse awiri, kutulutsa miyala yapansi, n'kunena kuti madzi okwanira mudzi ali pati. Makina awo ankamwa madzi ambiri, ndiye ankalemba atsikana otunga. Umu ndi mmene ndinapezera ntchito yanga yoyamba. Ankatipatsa sopo, shuga ndi kandalama pang'ono, ndipo sopo woyambayo amayi anamuika pa denga sabata yonse akungomununkhiza.

Tsiku lina a Fundi anandiona ndikutsuka ndowa ndi mchenga ndisanatungire. Anaima n'kundiyang'ana mpaka nditamaliza.

"Dzina lako ndani?"

"Veronika."

"Veronika, kuyambira lero ndowa usiyire anzako. Iwe uzitsuka miyala."

Ndinaganiza kuti akundiseka. Koma anandionetsa miyalayo. Makina aja ankaitulutsa pansi ili yobulungira ndi yayitali ngati munsi, yodukaduka ngati nzimbe, ndipo ankaiika m'mabokosi motsatana, kuyambira wapamwamba mpaka wapansi penipeni. Inali yozizira, yonunkha ngati mvula yoyamba. Ine ndinkaganiza kuti pansi pa nthaka pali mtsinje woyenda, ndipo ntchito ya makina ndi kuubaya. A Fundi anapukusa mutu. Anatenga kachidutswa kouma n'kukaponya mu debe la madzi oyera, n'kundiuza kuti ndigwade ndione. Mwalawo unayamba kutulutsa timathovu tating'ono ngati nsomba ikamapuma.

"Mwala uli ndi timabowo," iwo anatero. "Mphepo ikutuluka, madzi akulowa. Pansi pano mulibe mtsinje. Madzi amakhala m'timabowo timeneti, ndipo mjigo umakayamwa momwemo. Ntchito yako ndi kundiuza kuti mwala uliwonse umamwa madzi ochuluka bwanji."

Ntchitoyo ndinaikonda. Ndinkatsuka kachidutswa, n'kukayanika pa thanthwe lomwe lija timayanikapo kondowole, mpaka katauma gwa. Kenaka ndinkakaika pa sikelo yaing'ono ya mkuwa, a Fundi n'kulemba. Ndikatero ndinkakaviika mu debe mpaka thovu litasiya, n'kukapukuta kunja ndi nsalu, n'kukaikanso pa sikelo. Kulemera kumene kawonjezeka kunali madzi amene kamwa. Kuwerenga kwanga kunali kochepa, koma timiyala tachitsulo ta pa sikeloyo ndinatidziwa msanga monga mmene mayi amadziwira ana ake.

Mwala wa Pachitunda unali wofiirira, wofewa, woti ukaukanda ndi chikhadabo unkasiya ufa. Ukauika m'madzi unkalira, thovu kuti fwaa, ndipo unkatuluka wolemera modabwitsa. Mwala wa Pamkuyu unali wotuwa, wa mchenga wokhakhala wogwirana zolimba. Unkamwa mwakachetechete, ndipo unkamwa mochepa kuposa unzakewo. Ndinayeza zidutswa zambiri za malo onse awiri, ndipo nthawi zonse zinkatuluka choncho.

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinaona kuti chikweza chija sindidzachikweranso ndi ndowa. Nditaweruka ndinadzera kudambo kumene amayi a m'mudzi ankaviika chinangwa, ndipo atandifunsa kuti miyala ikuti chiyani, ndinawauza zimene manja anga anayeza. Ndinati mwala wa Pachitunda umamwa ngati ng'ombe, wa Pamkuyu umamwa ngati nkhuku. Mawuwo anathamanga kuposa ine. Ndisanafike kunyumba, a Bondo anandiimitsa panjira, anandigulira mandasi awiri, n'kuuza anthu kuti, "Mwana wa mlendoyu watipezera madzi." Amayi anga anali ochokera kutsidya, ku Nkhotakota, ndipo masiku amenewo anthu akutsidya tinkayenda mofatsa. Kumva mwenyekiti akundiyamikira pagulu kunanditenthetsa makutu ndi chimwemwe.

M'mawa mwake amuna anayamba kudula mitengo yomangira n'kumakwera nayo Pachitunda akuimba. A Fundi anamva nyimboyo ali pa makina. Anafunsa mmodzi wa antchito awo, kenaka anandiitana.

"Wawauza chiyani anthuwa?"

Ndinawafotokozera zonse, za ng'ombe ndi nkhuku zomwe. Sanakalipe. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya.

"Wayeza bwino," anatero. "Palibe pamene walakwitsa pa sikelo. Koma wayeza mwala umene ukupumula. Ntchito sinathe. Tiye ukaone."

Kuseri kwa galimoto kunali chitsulo chimene ndinali ndisanachione chikugwira ntchito. Inali paipi yonenepa, yotsekedwa mbali zonse, yolumikizidwa ku jeke wonga wonyamulira galimoto. Anatenga kachidutswa ka Pachitunda kamene kanali katakhuta madzi, anakaveka mphira ngati chubu cha njinga, n'kukatsekera m'paipimo. Kumapeto kwake kunali kampopi kakang'ono kogwera mu kabotolo kagalasi.

"Mwala uwu tinautenga pansi kwambiri," iwo anatero. "Kumeneko unasenza phiri lonse limene lili pamwamba pake. Titautulutsa, katundu uja anachoka. Unadziwongola, timabowo tinatseguka, ndipo ming'alu ina inabadwa tsiku lomwelo. Dzuwa la pa thanthwe lako linawonjezeranso ina. Tsopano tiubwezere katundu wake tione. Popa."

Ndinagwira chogwirira cha jeke n'kuyamba kupopa. Poyamba kunali kofewa, kenaka kunalimba mpaka ndinkatsamira ndi thupi lonse. A Fundi ankayang'ana kasingano kosonyeza mphamvu. M'paipimo munamveka kulira kwapansipansi ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga. Madzi anayamba kudontha m'kabotolo, kenaka kuyenda ngati ulusi, ofiirira. Kasingano katafika pamene ankafuna, anandiuza kuti ndisiye. Ndinayang'ana kabotoloko. Mbali yaikulu ya madzi amene ndinanyadira inali m'menemo.

Tinachita chimodzimodzi ndi mwala wa Pamkuyu. Ndinapopa mpaka thukuta linandilowa m'maso. Anatuluka madontho ochepa, oyera, basi. Mwalawo unakana kufinyika.

"Tsopano chotsera," anatero a Fundi. "Madzi amene atuluka si athu. Pansi kulibe malo ake. Athu ndi amene atsala m'mwala phiri litaukhalira. Watsala ndi ambiri ndi uti?"

Ndinaika timiyala ta pa sikelo pansi m'magulu awiri, n'kuchotsa, n'kuyang'ana. Nkhuku ija inali itaposa ng'ombe. A Fundi anawonjezera kuti timabowo ta mwala wofiira tikafinyika timatsekana, moti ngakhale madzi ochepa otsalawo sayenda kupita ku mjigo, pamene ta mwala wotuwa timakhala totseguka, kena kulowera mwa kanzake.

Ndinawafunsa kuti bwanji sitinayambe ndi chitsulocho. Anati chitsulo n'chimodzi, ndipo miyala ndi yambiri. Yonse imayezedwa mu debe chifukwa n'kosavuta. Kenaka umasankha ingapo ya mtundu uliwonse n'kuifinya, kuti udziwe kuti mtundu umenewo uziuchotsera zochuluka bwanji. Mwala wolimba umauchotsera pang'ono. Wofewa umauchotsera kwambiri. Munthu akaiwala kuchotserako, amalonjeza anthu madzi amene kulibe.

Tsiku lomwelo a Fundi anapita kwa a Bondo, ine ndili pambuyo ndi kabotolo. Anafotokoza m'Chiswahili cha m'mabuku, ndi manambala ambiri. A Bondo anamvetsera mwaulemu, kenaka anaseka mpaka mimba inagwedezeka, n'kuwatchula kuti ndugu, kutanthauza m'bale, monga tinkatchulirana masiku amenewo.

"Ndugu fundi, mwala ndi mwala. Ukuufinya ngati ndimu? Mwana uyu anaona ndi maso, mwala wathu umamwa. Anthu ayamba kale kukweza mitengo."

Pofika tsiku lotsatira anthu ankanong'onezana kuti a Fundi adyetsedwa chambo ndi mabanja ofuna Pamkuyu. Msonkhano wotsiriza unali Loweruka, ndipo kunkabwera mkulu wa boma wochokera ku Mbamba Bay kudzalemba malo amene mudzi wasankha. A Fundi anandiuza kuti iwo alemba zoona n'kutumiza ku Songea, koma yankho likamadzabwera nyumba zidzakhala zitafoleredwa kale.

Ndinafika kunyumba ndikulira. Amayi anali atakhala pa mphasa, mwendo wowawa atauwongola, akusankha usipa wouma. Anandisiya kuti ndilire kaye. Kenaka ndinawafotokozera za paipi, za jeke, ndi za phiri limene limakhalira mwala. Manja awo sanasiye ntchito.

"Ndiye kuti mwala wa Pachitundawo ndi debe la wogulitsa," iwo anatero.

Sindinamvetse. Anakoka debe, anathiramo usipa mopepuka mpaka pakamwa, n'kundiuza kuti ndisuzumire. Pakati pa nsomba ndi nsomba panali mipata. Anakanikiza ndi chikhatho, mipata ija inatha, usipa unatsika.

"Bambo ujayu manambala sangawamve," anatero amayi. "Koma ichi amachidziwa kuposa munthu aliyense pa gombe lino. Loweruka udzanyamula madebe awiri."

Ndinati ine ndine mwana, ndipo ana salankhula pa msonkhano. Ndinatinso ife ndife alendo, ndipo munthu wotsutsa zimene mwenyekiti wafuna angathe kunenedwa kuti akudana ndi ujamaa. Amayi anavomera kuti zonsezo n'zoona.

"Khomo ndidzakutsegulira ine," anatero. "Koma mawu amene anthu akudulira mitengowa anatuluka m'kamwa mwako, Vero. Anali oona, koma anali theka. Theka linalo ukawapatsenso ndiwe."

Loweruka m'mawa anthu anasonkhana pansi pa mitengo ya mango. Mkulu wa boma uja anakhala pa mpando, a Bondo pambali pake atavala malaya ochapa. A Fundi anali atabweretsa chitsulo chawo pa ngolo, koma palibe amene ankachiyang'ana. Amayi anayenda ulendo wonsewo ndi ndodo, akuima n'kupuma, ine ndili ndi debe limodzi pamutu, lina m'manja. A Bondo atamaliza kutamanda msewu ndi mizere, anafunsa mwamwambo chabe ngati pali wina wofuna kulankhula. Amayi anaimirira.

"Ndugu mwenyekiti, ine za midzi sindizidziwa. Ndabwera ndi malonda. Ndamva kuti mpando wakuiwalitsani ntchito yanu yakale, ndiye ndati ndidzaone ndekha."

Anthu anaseka. A Bondo anati, "Mayi wa ku Nkhotakotayu sanasiyebe kundilondola. Onetsani."

Ndinaika madebe aja pakati pa bwalo. Limodzi linali ndi usipa mpaka pakamwa. Linalo linali ndi chimanga chosadzaza, chotsala mpata woti chikhatho n'kulowa.

"Lodzaza ndi liti?" anafunsa amayi.

"La usipa. Ngakhale wakhungu angaone."

"Ndiye tengani choncho. Sindiwonjezerapo ngakhale mutu umodzi."

A Bondo anayang'ana debelo, n'kuyang'ana mlendo wa boma, n'kuyang'ananso debelo. Amayi ena kumbuyo anayamba kuwanyogodola kuti bondo lakalamba, lazolowera mpando. Sanapirire. Anaimirira, anapempha chiguduli, anapinda buluku lochapa lija, n'kuika bondo. Usipa unalira n'kutsika, n'kutsikabe, mpaka unapitirira pamene panali chimanga. Bwalo lonse linaomba m'manja. Amayi anawapempha kuti ayesenso pa chimanga. Anaikapo bondo, anatsamira, anachita kukweza mwendo winawo m'mwamba. Chimanga chinangoti tswa pang'ono n'kukhala pomwepo.

"Tsopano mwanayu ali ndi mawu," anatero amayi, n'kukhala pansi.

Ndinagwada monga mwa ulemu, ndinapereka moni kwa akuluakulu, ndipo ndinalankhula ndikuyang'ana madebe chifukwa nkhope za anthu sindikanazitha.

"Ndine amene ndinanena kuti mwala wa Pachitunda umamwa ngati ng'ombe. Umamwadi. Koma ndinauyeza uli kunja, phiri lisanaikepo bondo. Pansi pano phiri limaukhalira usana ndi usiku. Madzi amakhala m'mipata, ngati mipata ya usipawu. Mwala wa Pachitunda ndi usipa. Wa Pamkuyu ndi chimanga. Chitsulo icho ndi bondo la phiri. Ngati mukufuna, popani nokha."

Ndinamva mwana akuyamwa kumbuyo kwanga. A Bondo sanabweze buluku pansi. Anayenda choncho, mwendo umodzi uli pamtunda, mpaka pa ngolo.

"Ndugu fundi, ikamo wathu uja. Ndisankha ndekha."

Anasankha kachidutswa kofiira mu debe la madzi, a Fundi anakaveka mphira n'kukatsekera, ndipo a Bondo anagwira jeke. Iwo sanavutike ngati ine. Anapopa ndi dzanja limodzi. Anthu anayandikira mpaka kupanikizana, ndipo onse anamva kutafuna kuja m'kati mwa paipi, onse anaona madzi ofiirira akuyenda m'kabotolo. Kenaka anaikamo wotuwa. A Bondo anapopa ndi manja awiri, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Anagwa madontho ochepa. Anayesanso, kasingano katafika kale pamalo pake, mpaka a Fundi anawagwira mkono kuti chitsulo chingaphulike.

Anaima akupuma, akuyang'ana mabotolo awiriwo. Kenaka kuseka kunayambira m'mimba mwawo n'kukwera.

"Phiri ili ndi wamalonda mnzanga," anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikukana kugula mphepo, ndipo lero ndimati ndigulire mudzi wonse mphepo." Anatembenukira kwa mkulu wa boma uja. "Ndugu, lembani Pamkuyu. Msewu tidzaukokera komweko ndi makasu. Madzi sitingawakokere kumtunda."

Si onse amene anakondwa. Amuna amene anali atakweza mitengo anadandaula mokweza, ndipo mmodzi anati nkhani za mudzi zayamba kuweruzidwa ndi ana ndi usipa. A Bondo anamuyankha kuti mtengo woyamba autsitsa okha. Anachitadi zimenezo masana omwewo, mtengo uli pa phewa, akuimba nyimbo yomwe ija anakwera nayo anzawo, ndipo ena anawatsatira akuseka. Podutsa pamene tinakhala anauza amayi kuti usipa wophwanyikawo awutumize kunyumba kwawo, alipira ngati wathunthu. Amayi anati aka kakhala koyamba.

Mjigo unakumbidwa Pamkuyu, pafupi ndi mtengo wa mkuyu womwewo. Tsiku limene madzi anatuluka, oyamba anali amatope, kenaka anayera mpaka munthu ankaona pansi pa ndowa. Nyumba yathu inamangidwa pafupi, chifukwa cha chiuno cha amayi. Tsiku limenelo anakana kuti ndiwatungire. Anatenga kapoto kakang'ono, anayenda okha ndi ndodo yawo, anatunga, n'kubwerera nako osataya dontho. Anakhala pakhonde n'kumwa pang'onopang'ono. A Fundi asananyamuke anandipatsa kachidutswa ka mwala wotuwa uja, n'kundiuza kuti ndikadzamva munthu akutchula kuchuluka kwa chinthu, ndizifunsa ngati wachiyeza chili ndi katundu wake. Sindinawaonenso.

Ndinakula, ndipo anyamata awiri anabwera kudzandifunsira. Woyamba anali ndi wailesi ndi pakamwa pokoma. Ankalonjeza nyumba ya malata ndi ulendo wa pa sitima. Wachiwiri anali Tadeyo, wosoka maukonde, amene ankatha kukhala pakhonde pathu dzuwa lonse osanena mawu okwana kudzaza chikho. Anzanga ankandiseka kuti ndikufuna kukwatiwa ndi chitsa. Koma ine ndinali nditamuona Tadeyo chaka chimene bambo ake anadwala, akusenza nkhalambayo kumsana kupita nayo kuchipatala, n'kubwerera kudzasoka maukonde a anthu pa nthawi imene analonjeza. Winayo ndinali ndisanamuonepo atasenza kanthu. Sindikunena kuti anali woipa. Ndinalibe pomuyezera.

Ndinakhala ndi a Tadeyo zaka zambiri. Katundu anabwera, monga mmene amabwerera pa banja lililonse. Chinangwa chitagwidwa ndi matenda tinagona ndi njala. Tinaika m'manda mwana wathu wachiwiri. Amayi anga atalephereratu kuyenda, anali a Tadeyo amene ankawanyamula kuwaika padzuwa. Pa masiku abwino sanali munthu wodabwitsa, ndipo mlendo akanatha kuchoka osakumbukira nkhope yawo. Koma pa masiku olemera ankakhala ndi zomwe zija anali nazo pa masiku opepuka. Sindinachotserepo kanthu pa mawu awo.

A Tadeyo anamwalira chaka chatha, m'nyengo yotentha, mitsinje yonse itauma. Anthu anabwera ambiri kuposa mmene ndinkaganizira, a ku Lipingo, a ku Tingi, ena ochokera kutsidya. Amayi ophika anada nkhawa ndi madzi. Ine ndinakhala m'nyumba ya maliro, ndipo pakati pa nyimbo ndinkamva mjigo uja ukulira, kwii kwii, osapuma. Chogwirira chake chasinthidwa kangapo kuyambira masiku a a Bondo, koma dzenje ndi lomwe lija. Anatunga osambitsira thupi, ophikira, akumwa anthu onse aja, mpaka tsiku lomwazikana. Sunaume.

Kachidutswa kaja ndikadali nako. Ndimatsekera nako chitseko kuti mphepo isachimenyetse. Adzukulu anga amakaona ngati mwala wamba, ndipo ndi wamba ndithu. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti chilichonse chimaoneka chochuluka chikamapumula, kaya ndi mwala, lonjezo, kapena munthu. Kuyeza koteroko si bodza, koma ndi theka. Anthu akandifunsa masiku ano kuti ndikupirira bwanji ndekha, ndimawauza kuti phiri laikadi bondo, ndipo zina zatuluka. Koma ndinayang'ana zimene zatsala, ndipo n'zokwanira kumwa.